Mafunso Anu: Mwana wa Mbalame Akapanda Kufanana ndi Make

Akuluakulu amati make mbuu, mwana mbuu, koma mwambi umenewu sugwira kwa mbalame zambiri zoimba. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, pamene zisa zikutulutsa ana, makalata ofunsa za "mbalame yachilendo" amachuluka pa tsamba lino. M'Malawi muno mumapezeka mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo mayina ake a Chichewa amasiyana malinga ndi dera. N'chifukwa chake pena tatchula dzina lomwe lili m'mabuku a mbalame, kuti mukalipeze msanga.

Funso: Pansi pa mpanda wa maluwa kuseri kwa nyumba yathu pakumabwera kambalame kabulauni, kamawangamawanga thupi lonse, ka mchira wofiirira ngati lalanje lakupsa. Kamadumphadumpha pansi n'kumatukula mchira. Ndavundukula buku lonse la mbalame la pasukulu pathu koma mulibe. Kodi ndi mtundu watsopano? — Mphunzitsi, Zomba

Yankho: Aphunzitsi, m'bukumo kalimo, kungoti anakajambula katakula. Mmene mwafotokozeramu, ameneyo ndi mwana wa White-browed Robin-Chat, yomwe mabuku akale amaitcha Heuglin's Robin. Ndi mbalame ija imakudzutsani m'bandakucha ndi nyimbo yoyambira pansipansi n'kumakwera mpaka kudzaza bwalo lonse. Yaikulu ili ndi mutu wakuda, mzere woyera mbee pamwamba pa diso ngati nsidze, ndi kunsi konse kwa mtundu wa lalanje kuyambira pakhosi mpaka pamimba. Mwana alibe zonsezi. Mutu ndi msana n'zabulauni zokhala ndi madontho otuwira, chifuwa chili ngati mamba a nsomba, ndipo nsidze zija sizinatuluke. Chimene watengera kwa make kuyambira tsiku lotuluka m'chisa ndi mchira basi: nthenga zam'mbali zofiirira, ziwiri zapakati zodera.

Mwachita bwino kutchula mchirawo, chifukwa pagona nkhani ndi pomwepo. Mwana wa mbalame yoimba amasintha nthenga za pathupi pakangotha miyezi iwiri kapena itatu, koma nthenga zazikulu za m'mapiko ndi mumchira nthawi zambiri amakhala nazo mpaka chaka chamawa. Popeza adzauluka nazo ali wamkulu, zimamera kale ndi mtundu wa wamkulu. Thupi likakusokonezani, yang'anani mchira ndi mapiko.

Mawangawo ali ndi ntchito ziwiri. Mwana wongotuluka m'chisa amakhala masiku angapo pansi asanathe kuuluka bwino, ndipo madontho amamubisa pa masamba ouma pamene dzuwa likulowa m'mipata ya chitsamba. Yachiwiri, mbalamezi n'zansanje ndi malo ake. Yaimuna ikaona chifuwa cha lalanje m'dera lake imathamangitsa osafunsa. Mwana wamawanga samuyesa mdani, ndiye amamusiya kudya pakhomo mpaka atakhwima.

Mbalame zambiri zofanana ndi zimenezi zimabereka ana amawanga. Kurrichane Thrush, ija ya mlomo wa lalanje imafukula nyongolotsi pa kapinga, mwana wake amakhala ndi madontho akuda pachifuwa, koma ndi wamkulupo ndipo mchira wake si wofiira. Poti muli ku Zomba, mukakwera kuphiri mukapeza ina yosokoneza kuposa zonse, White-starred Robin. Imeneyi imavala zovala zitatu. Ikangotuluka m'chisa imakhala yoderapo, ya madontho achikasu. Kenako imakhala yobiriwira kumsana ndi yachikasu chotuwa kunsi, popanda dontho lililonse, ndipo imatha miyezi yambiri ili choncho. Pomaliza m'pamene imatulutsa mutu wotuwira buluu ndi tinyenyezi toyera pamwamba pa diso ndi pakhosi. Munthu wosadziwa amalemba mitundu itatu pamene waona banja limodzi. Mchira wake wachikasu m'mbali, wakuda pakati ndi kunsonga, susintha pa misinkhu yonseyi.

Funso: Ndingadziwe bwanji kuti mbalame imene ndikuiona ndi mwana, pamene msinkhu wake ukufanana ndi wa zinzake? — Wophunzira wa Fomu 3, Mzuzu

Yankho: Msinkhu usakunamizeni. Mwana wa mbalame yoimba sakula pang'onopang'ono poyera ngati mwanapiye. Amakulira m'chisa, ndipo potuluka thupi limakhala litatsala pang'ono kufika pa la make. Komanso kuchepa si umwana: timba sachepa ndi mazira ake.

Yambani ndi pakamwa. M'makona a mlomo, pomwe wam'mwamba ukumana ndi wam'munsi, mwana amakhala ndi kamnofu kofewa kotupa, kachikasu kapena koyera, kamene kamachititsa nkhope kuoneka ngati ya mwana wonyanyala. Kamnofu kameneka ndi chizindikiro cha makolo poika chakudya m'kamwa mu mdima wa m'chisa, ndipo kamafwifwa pang'onopang'ono m'masabata otsatira. Ngati mwakaona, mlandu watha.

Kenako mchira. Wa mwana wongotuluka kumene umakhala waufupi ngati wadulidwa ndi sizasi, nthenga zonse zikumera pamodzi. Chenjerani pamenepa, chifukwa mbalame yaikulu yopulumuka m'kamwa mwa mphaka nayonso imayenda yopanda mchira. Bwererani pakamwa kuti mutsimikize.

Nthenga za pathupi la mwana n'zosalukana bwino, zimaoneka zonyankhalala ngati bulangete lakale, makamaka pamimba ndi kunsi kwa mchira. Ena amatsala ndi timaubweya tiwiri pamwamba pa maso ngati tinyanga. Diso limakhala labulauni kapena lotuwa ngakhale mtunduwo uli wa maso ofiira kapena achikasu. Mlomo nawonso umachedwa kupsa. Common Waxbill wamkulu ali ndi mlomo wofiira psuu, wa mwana ndi wakuda. Black-headed Oriole, yachikasu ya mutu wakuda ija, mlomo wake ndi wofiirira, koma mwana ali ndi mlomo wakuda ndi mutu wa timizere tachikasu.

Makhalidwe amaulula zambiri kuposa mtundu. Mwana amanjenjemeretsa mapiko, amayasamula mbalame ina iliyonse ikadutsa, amalira kaliridwe kamodzimodzi osaleka, amatera pa nthambi mwaphuma n'kutsala pang'ono kugwa, ndipo sathawa munthu msanga. Mukaona zotere, bwererani m'mbuyo mamita 10, khalani pansi, dikirani mphindi 15 mpaka 30. Kholo lidzabwera ndi mbozi kukamwa, ndipo kholo ndiye lili m'buku. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali msinkhu wina wovuta, pamene nthenga zaumwana zikuthothoka ndipo zaukulu zikumera. Choso chachimuna cha mtundu wa Scarlet-chested Sunbird chimayamba ndi kachigamba kofiira pachifuwa pamene thupi lonse likadali labulauni lamawanga ngati la chachikazi. Ambiri amati chadwala kapena chavulala. Ayi, chikuvala. Mapulogalamu a pafoni ozindikira mbalame monga Merlin amathandiza, koma pa ana ndi pa mbalame zosintha nthenga amaphonya kawirikawiri. Ngati mukujambula kuti mufunse odziwa, tengani zithunzi zitatu: cha m'mbali, cha pankhope poonetsa pakamwa, ndi cha mchira. Lembaninso tsiku ndi malo, chifukwa mwezi ndi dera zimachotseratu mitundu yambiri pa mndandanda.

Funso: Pa waya pafupi ndi khola lathu la ng'ombe pamatera mbalame zakuda zitatu. Ziwiri ndi mnthengu ndithu, koma yachitatu ili ndi timawanga totuwa pamimba, ndipo mchira wake sunagawike bwino. Ndi yaikazi? — Mlimi, Mchinji

Yankho: Bambo, mnthengu wamwamuna ndi wamkazi amafanana, onse akuda bii, a diso lofiira ndi mchira wamphanda. Wachitatuyo ndi mwana wawo. Nthenga za pachifuwa ndi pamimba pake zili ndi nsonga zotuwa, diso ndi labulauni, ndipo mphanda ya mchira imazama akamakula.

Pali ina yomwe ingakusokonezeni, Southern Black Flycatcher, imene imakonda kutera pafupi ndi mnthengu. Siyanitsani chonchi. Mnthengu ali ndi mutu waukulu ndi mlomo wonenepa wokhala ndi kangowe kunsonga. Inayo ili ndi kamutu kozungulira, mlomo wowonda, diso labulauni ngakhale itakula, ndipo mchira wake wangolowa pang'ono pakati. Mwana wake ali ndi madontho ozungulira pamutu ndi kumsana komwe, pamene mawanga a mwana wa mnthengu amachuluka kunsi. Kukabwera kabawi kapena khwangwala muona nokha: wa mnthengu amatsatira makolo pa mkangano, winayo amangokhala phee. Mukadzaona mnthengu wa mchira wa mphanda ziwiri, musadabwe, ndi wamkulu amene akusintha nthenga za mumchira, zatsopano zisanafike pa utali wa zakale.

Funso: Nthawi ya dzinja mtengo wa pakhomo pathu umadzaza ndi atchete achikasu a nkhope zakuda. Pofika Juni amasowa, m'malo mwake pamabwera timbalame totuwa tambirimbiri. Atchete aja amapita kuti, ndipo totuwati ndi ana awo? — Mayi wa ku Salima

Yankho: Mayi, ambiri mwa iwo sapita kutali. Amangovula. Tchete wamwamuna amavala chikasu chowala ndi nkhope yakuda nthawi yomanga zisa yokha. Akamaliza kubereka amasintha nthenga n'kukhala wotuwira mobiriwira, wa timizere kumsana, ngati mkazi wake. Ngakhale mlomo umasuluka, kuchoka pa wakuda kufika pa wotuwa ngati nyanga ya ng'ombe. Choncho gulu lomwe mukuliona m'chisanu ndi losakaniza: akazi, amuna ovula, ndi ana a chaka chino.

Kuwasiyanitsa kumafuna kuyandikira kapena magalasi oonera patali. Diso ndilo limathandiza kwambiri. Mwa mitundu iwiri yofala, Village Weaver ndi Southern Masked Weaver, mwamuna wamkulu amasunga diso lofiira ngakhale atavula, pamene mwana ali ndi diso labulauni ndi mlomo wotuwa kwambiri, wofiirira pang'ono kunsi. Mukaona wa diso loyererapo ndi miyendo yotuwira buluu, ameneyo ndi Lesser Masked Weaver, chifukwa anzakewo miyendo yawo ndi yofiirira. Mwana wamwamuna wa Village Weaver savala chikasu chaukwati mpaka chaka chachiwiri. Chaka choyamba amathera kuphunzira kuluka, ndipo zisa zokhotakhota zosamalizidwa zomwe mumaziona pa mtengo wina pambali nthawi zambiri ndi sukulu ya anyamatawa.

Mbalame za m'mabango ndi m'madimba zomwe mabuku amazitcha bishop, zofiira ndi zakuda kapena zachikasu ndi zakuda, zija zimadzitukumula pa nsonga ya bango mu Januwale ndi Febuluwale, zimachitanso chimodzimodzi. Zikavula zimasanduka zabulauni zamizeremizere ngati mpheta wamba. Zina zimasiya chizindikiro: Yellow Bishop yaimuna imasunga chikasu paphewa ndi pamwamba pa mchira, ndipo Black-winged Bishop yaimuna imasunga mapiko akuda. Zotsalazo, kunena zoona, ngakhale akatswiri amene amagwira mbalame ndi ukonde n'kuziveka mphete amachita kuyeza phiko ndi rula kuti atsimikize. Si manyazi kulemba kuti "tchete, mtundu sunadziwike". Cholakwa n'kukakamiza dzina.

Funso: Ndaona kambalame kakang'ono kakudyetsa chimwana chachikulu kuposa iko, chakuda kumutu, cha mizere yakuda ndi yoyera pamimba, m'kamwa mofiira. Mpaka kamachita kutera pamsana pake kuti kafikire kukamwa. Zimenezi n'zachilengedwe? — Wogwira ntchito m'munda wa tiyi, Mulanje

Yankho: N'zachilengedwe, achimwene, ngakhale zimamvetsa chisoni. Apa m'pamene lamulo lija loti "dikirani kholo" limalephera, chifukwa wodyetsayo ndi wolera chabe. Mwaona mwana wa Red-chested Cuckoo, mbalame ija imalira mawu atatu otsika, usana ndi usiku, kuyambira cha mu Okutobala mvula ikamayandikira. Simanga chisa. Yaikazi imazemba n'kuikira dzira limodzi m'chisa cha mbalame ina, kawirikawiri ya banja la robin-chat lomwe tatchula poyamba. Mwanayo akaswa, akadali wosaona ndi wopanda nthenga, amasenza mazira kapena ana a mwini chisa pamsana n'kuwaponya kunja. Chakudya chonse chimakhala chake, ndipo pomatuluka m'chisa amakhala ataposa womulera.

Iliyonse ili ndi amene imawavutitsa. Diederik Cuckoo imaikira kwa atchete, kwa mbalame zofiira za m'mabango ndi kwa mpheta, ndipo mwana wake amadziwika ndi mlomo wofiira kwambiri, pamene wa wamkulu ndi wakuda. Klaas's Cuckoo imakonda zisa za choso ndi timbalame tina tating'ono todya tizilombo. Jacobin Cuckoo imasiyira apumbwa. African Cuckoo imalimba mtima mpaka kuikira kwa mnthengu. Mukakayika, yang'anani mapazi: mbalame zoimba zili ndi zala zitatu kutsogolo ndi chimodzi kumbuyo, koma zonse za gulu la cuckoo zili ndi ziwiri kutsogolo, ziwiri kumbuyo.

Palinso akuba aulemu. Pin-tailed Whydah, kambalame koyera ndi kokuda ka mlomo wofiira, kamene kamakoka nthenga zinayi zazitali kumchira n'kumavutitsa tinzake pa bwalo, kamaikira m'chisa cha Common Waxbill. Village Indigobird imaikira kwa Red-billed Firefinch, kofiira kaja kamatola misere pa mtondo. Ana a zimenezi sapha anzawo, amakulira limodzi. Chodabwitsa chili m'kamwa. Ana a timbalame todya njere za udzu ali ndi madontho m'kamwa ndi timikanda tonyezimira m'makona a mlomo, mtundu uliwonse ndi kalembedwe kake, ndipo mwana wa mlendoyo amabadwa ndi kalembedwe kofanana ndi ka eni chisa. Ndiye mukaona gulu la ana a waxbill, wina mwa iwo ali wamkulupo pang'ono, wabulauni wopanda mizere, wopanda kufiira kulikonse pamaso, ameneyo ndi mlendo. Musamuchotse. Mbalamezi zakhala zikuchenjererana chonchi kuyambira kalekale ndipo palibe yomwe yatha.

Funso: Mu Novembala pa mawaya a magetsi pamadzaza anamzeze. Ena ali ndi khosi lofiira ndi mchira wa nsonga zazitali, ena khosi lotuwa ndi mchira waufupi. Ndi mitundu iwiri? Nanga zisa zawo zili kuti? — Wowerenga, Nkhotakota

Yankho: Ndi mtundu umodzi, Barn Swallow, ndipo zisa zawo simudzaziona kuno. Amaswera ku Ulaya ndi ku Asia cha m'ma Meyi mpaka Ogasiti, n'kubwera kuno kuthawa chisanu, kufika cha mu Okutobala ndi kubwerera mu Malichi ndi Epulo. A khosi lotuwawo ndi ana a chaka chomwechi, amene ayenda makilomita masauzande angapo asanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi. Amasinthira nthenga konkuno pang'onopang'ono nthawi ya dzinja, moti pofika Malichi kusiyana kuja kumakhala kutatha. Red-backed Shrike, yobwera nthawi yomweyo n'kumatera pa zitsamba zaminga, ilinso choncho: yaimuna ili ndi mutu wotuwa ndi mzere wakuda pamaso, pamene ana ndi zazikazi n'zabulauni za timizere tokhota ngati mwezi watsopano pachifuwa.

Anamzeze omanga ndi matope pakhonde panu ndi ena, a konkuno. Wa chisa chotseguka ngati theka la mbale ndi Wire-tailed Swallow. Mwana wake ali ndi chipewa chabulauni m'malo mwa chofiira, ndipo alibe timawaya tiwiri ta kumchira. Wa chisa chokhala ndi khomo lalitali ngati botolo, wamizere pachifuwa, ndi Lesser Striped Swallow. Mukadzatola namzeze wakufa ali ndi mphete yachitsulo kumwendo, lembani manambala ndi mawu onse a pa mphetepo, tsiku ndi malo, mudziwitse a Wildlife and Environmental Society of Malawi.

Funso: Ana anga atola mwana wa pumbwa pansi pa mtengo wa mango. Tamuika m'katoni, tikumupatsa nsima ndi madzi koma akufooka. Titani? — Mayi wa ana atatu, Lilongwe

Yankho: Mayi, lekani nsimayo ndi madziwo lero lomwe. Mwana wa pumbwa amaleredwa ndi tizilombo tofewa ndi zipatso, nsima imangomutseka m'mimba osamupatsa zomangira nthenga. Madzi othira kukamwa ndiwo amapha msanga, chifukwa khomo la mpweya lili kuseri kwa lilime, ndiye dontho limodzi likaphonya limapita m'mapapo. Mkaka ndiye ayi ndithu.

Muyang'aneni bwino. Ngati thupi lonse lili ndi nthenga, maso ali otseguka, akutha kudumpha ndi kugwira chala chanu ndi mapazi, ameneyo sanagwe, watuluka yekha. Apumbwa amatuluka m'chisa patangotha pafupifupi masabata awiri chiswereni, asanadziwe kuuluka, ndipo makolo amapitiriza kuwadyetsa m'zitsamba kwa masabata ena. Pumbwa ndi mmodzi mwa amene mwana amafanana ndi make, kungoti ndi wotuwirapo, chikasu cha kunsi kwa mchira n'chosawala, ndipo tsumba silinadzuke. Mubwezereni pomwe anatoledwa, pa nthambi ya chitsamba yofika m'chifuwa mwanu, m'mawa kusanatenthe. Tsekerani mphaka ndi galu, ana abise malegeni, nonse muchokepo. Zoti mbalame imakana mwana amene wagwiridwa ndi munthu si zoona. Makolo amatsata kulira kwake, ndipo ngati papita tsiku limodzi kapena awiri okha amakhala akadali pafupi.

Ngati ali wamaliseche, kapena nthenga zikadali m'timapaipi ngati minga, ameneyo wagwadi ndipo malo ake ndi m'chisa. Chisa chikakhala kuti chagwa ndi mphepo, tengani kadengu kapena kachitini ka majarini, boolani mabowo anayi kapena asanu pansi kuti madzi a mvula asadekhemo, yalani udzu wouma ndi zotsala za chisa chakale, mumangirire pa mtengo womwewo pamthunzi. Onererani muli patali kwa maola awiri.

Makolo akapanda kubwera, choyamba ndi kutentha, chakudya pambuyo. Ikani botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu pambali pake m'katoni, pamalo a mdima ndi opanda phokoso. Mwana wozizira sagaya chakudya. Akafunda n'kuyamba kuyasamula yekha, mupatseni chiswe, ngumbi zothothola mapiko, timbozi tosalala kapena dzira lowiritsa lonyenyanyenya, ndi kapapaya kakupsa pang'ono, pogwiritsa ntchito kamtengo kosasongoka, mphindi 20 mpaka 30 zilizonse kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mbozi zaubweya ndi anunkhadala musayese, zili ndi poizoni. Ntchito imeneyi ndi yolemetsa ndipo ana ambiri oleredwa pamanja safika pouluka. Poti muli mu Lilongwe, funsani a Lilongwe Wildlife Centre, omwe amasamala nyama zakutchire zovulala ndi zamasiye, musanafike tsiku lachitatu ndi katoniyo.